Buku talemba motsatira kafukufuku, koma ana sakuwerengabe: poyambira kusaka vuto

Dandaulo ili limabwera chaka ndi chaka, ndipo mawu ake sasintha. Tawerenga zomwe akatswiri apeza pa kaphunzitsidwe ka kuwerenga, takhala pansi miyezi ingapo kulemba buku la mphunzitsi, makadi a malembo ndi timabuku ta nkhani, tagawa m'masukulu, aphunzitsi tawachititsa maphunziro. Teremu ikatha n'kupita kukamvetsera ana, tikupeza ali pomwe tinawasiya. Zikatere chala chimathamangira kwa mphunzitsi, nayenso mphunzitsi n'kuloza mwana ndi makolo ake.

Ine ndimalemba nawo zipangizo zoterezi, ndipo chomwe ndaona n'chakuti kawirikawiri chilema chimakhala m'chipangizo momwemo. Mfundo ya kafukufuku imakhala yoona, koma panjira yochoka mu lipoti kukafika patsamba lomwe mphunzitsi agwire m'manja, china chake chimatayika. Pansipa ndaika zizindikiro zomwe mungaone, ndipo pa chilichonse ndayamba ndi chifukwa chomwe chimapezeka kwambiri.

Musanasinthe kalikonse, chitani ziwiri izi:

- Khalani kumbuyo kwa kalasi phunziro lonse, buku lanulo lili m'manja, wotchi ili pambali. Lembani mphindi yomwe gawo lililonse layamba ndi yomwe latha.
- Mvetserani ana 5 kapena 6 akuwerenga mmodzimmodzi. Asankheni nokha m'kaundula, chifukwa mukapempha kuti akusankhireni akupatsani anzeru okhaokha.

## Buku la mphunzitsi lili patebulo, losatsegula

Ndinakhalapo m'kalasi ina momwe buku lomwe tinalivutikira linali litapsinja mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Mayi wophunzitsayo sanandibisire: anati akangoweramira m'bukumo kusaka pomwe wafika, ana amayamba phokoso. Nditalitsegula n'kuliona ndi maso ake, ndinapeza kuti phunziro limodzi linali masamba 4 a tizilembo tothithikana. Wolakwa sanali iye.

1. Mawu achuluka. Imirirani, buku dzanja lina choko dzanja lina, muphunzitse mnzanu phunzirolo. Mukasokera kawiri, bukulo ndi lolemera. Mu 2018 Benjamin Piper ndi anzake a ku bungwe la kafukufuku la RTI International anaunika mabuku a aphunzitsi 34 ochokera m'mayiko 13. Anapeza kuti buku lokhala ndi ndondomeko yomveka limakweza kuwerenga kwa ana, koma mabuku olembedwa liwu ndi liwu pa phunziro lililonse ankatsalira pang'ono poyerekeza ndi aafupi, ongopereka malangizo olunjika. Konzani motere:

- Phunziro limodzi likwane tsamba limodzi, kapena awiri oyang'anizana.
- Lembani mawu onse a mphunzitsi m'masabata oyamba okha. Ntchito ikazolowereka, ingolembani dzina lake ndi mawu oti agwiritse ntchito tsikulo.
- Tsamba la buku la ophunzira lionekere pomwepo, laling'ono, kuti mphunzitsi asagwire mabuku awiri.

2. Bukulo likulankhulabe ngati lipoti. Mpatseni mphunzitsi tsamba limodzi, mumpemphe kuti akuonetseni, osati akufotokozereni. Akaima n'kufunsa kuti "ndiye nditani?", mfundo sinasanduke ntchito. Langizo loti "limbikitsani ana kuzindikira maliwu" silimuuza chochita. Lembani kuti: "Nenani mawu awa limodzilimodzi: moto, uta, mano, ana. Ana aimike dzanja akamva liwu la m poyambirira. Mphindi 2." Mfundo iliyonse ya kafukufuku iyankhe mafunso atatu: akunena ndani, ana akuchita chiyani, kwa mphindi zingati.

3. Likufuna zinthu zomwe kulibe. Werengani ana ndi mabuku omwe ali m'kalasimo. Ngati phunziro linalembedwa poganiza kuti mwana aliyense ali ndi buku lake, pomwe buku limodzi akugawana anayi, lembani njira yachiwiri yogwiritsa ntchito bolodi.

4. Manambala a masamba sakugwirizana ndi a m'buku la ophunzira chifukwa mabukuwo anasindikizidwa nthawi zosiyana. Sizichitikachitika, koma kuona kwake n'kwa mphindi imodzi.

## Belu likulira ana asanawerenge okha

Maphunziro ambiri masiku ano amatsata njira yomwe David Pearson ndi Margaret Gallagher anaifotokoza mu 1983: mphunzitsi aonetse, achitire limodzi ndi ana, kenako ana achite okha. Gawo lachitatuli ndiye pomwe mwana amaphunziradi, komanso ndi lomwe limayamba kudulidwa nthawi ikachepa, chifukwa limakhala kumapeto. Kafukufuku wa RTI uja anaonanso kuti zambiri zomwe aphunzitsi ankasintha pophunzitsa zinkachepetsa ntchito ya m'magulu yomwe inalembedwa m'buku.

1. Ntchito zachuluka m'phunziro limodzi. Lipoti la National Reading Panel la ku America, lomwe linatuluka mu 2000, linatchula nsanamira zisanu: kumva maliwu m'mawu, kulumikiza maliwu ndi malembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri ndi kumvetsa nkhani. Olemba mabuku ambiri tinatenga zisanuzi n'kuzipanikiza zonse m'phunziro lililonse, chilichonse ndi mphindi zake. Lipotilo silinalamule zimenezo. Zisanuzo zipezeke m'sabata, osati m'theka lililonse la ola. Ngati phunziro lili ndi ntchito zoposa 5, dulani.

2. Mphindi zinawerengedwa muofesi. Kugawa mabuku, kulemba pabolodi, kukhazika ana chete, zonsezi zimadya nthawi yomwe palibe anailemba. Yerekezani mphindi za m'buku ndi zomwe munalemba muli kumbuyo kwa kalasi kuja. Phunziro la mphindi 30 mulilembere ntchito ya mphindi 24 kapena 25.

3. Gawo lomalizalo silinafotokozedwe. Kungolemba kuti "ophunzira achite okha" m'kalasi ya ana ochuluka n'kuitana chisokonezo, ndipo mphunzitsi amadziwa. Nenani momwe zichitikire: awiriawiri, chala pansi pa mawu, wina awerenge mzere wina amvetsere, kenako asinthane, mphunzitsi akuyenda mzere umodzi wa ana tsiku lililonse.

## Amaimba ma me mi mo mu bwinobwino, koma mawu atsopano awakanika

Ichi ndiye chizindikiro chonyenga kuposa zonse, chifukwa ukaima pakhomo kalasi imamveka ngati yamoyo. Ana akufuula pamodzi, mphunzitsi akuloza, mlendo akumwetulira. Ukatenga mwana mmodzi n'kumuonetsa mawu oti "mano", amangoti duu.

1. Aloweza nyimbo, osati malembo. Lembani maphatikizo omwewo mosokoneza: mu, ma, mo, mi. Kenako mpatseni mawu opeka opanda tanthauzo, monga "muki", omwe sangawadziwe pamtima. Mayeso a EGRA, oyeza kuwerenga kwa ana a m'makalasi oyamba, omwe anayamba kukonzedwa mu 2006 ndipo agwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, ali ndi gawo lotere pa chifukwa chomwechi. Mwana akakakamira pamenepa, vuto lapezeka. Tchati chomwe nthawi zonse chimayenda a e i o u chimaphunzitsa nyimbo. Sinthani dongosolo tsiku ndi tsiku, gwiritsani ntchito makadi osakanizika, ndipo m'buku lembani kuti kuyankha kwa gulu kukatha, mphunzitsi aloze ana atatu ayankhe payekhapayekha.

2. Kuphatikiza sikunaphunzitsidwe. Mabuku ambiri amaphunzitsa lembo, kenako n'kulumphira pa mawu athunthu, ngati kuti mwana adziwa yekha kulumikiza. Mvetserani momwe akutchulira lembo. Ngati akuti "emu" m'malo mwa liwu lenileni la mmm, ndiye akafuna kuphatikiza ndi a zimatuluka "emu-a", ndipo "ma" sangatulukemo. Buku linene poyera kuti dzina la lembo ndi liwu lake ndi zinthu ziwiri. Likhalenso ndi kachitidwe kamodzi kosasinthasintha: mphunzitsi akoke liwu, mmm, chala chikutsetsereka kupita pa a, n'kumaliza "ma". Kenako ma ndi no, "mano". Tsiku lililonse, mphindi zochepa, ndi mawu omwe ana sanawaonepo.

3. Nkhani zili ndi malembo omwe ana sanaphunzire. Tengani nkhani ya sabata yachisanu, mudule mzere pansi pa mawu aliwonse okhala ndi lembo lomwe silinaphunzitsidwe pofika sabatayo. Tsamba likadzaza mizere, mwana alibe njira ina koma kulosera. Ndinaonapo kamtsikana kakuwerenga tsamba lonse mosadodoma, maso ali pachithunzi. Nditaphimba chithunzicho ndi chikhatho, kanayang'ana nkhope yanga, osati tsamba. Mu 1967 Kenneth Goodman anafotokoza kuwerenga ngati masewera olosera mawu, ndipo maganizo akewo analowa m'mabuku ambiri a aphunzitsi. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti ana omwe kuwerenga kumawavuta ndiwo amadalira kwambiri kulosera, pomwe odziwa amaona malembo onse a mawuwo. Chotsani m'buku lanu langizo lililonse loti mwana akakakamira aone chithunzi. Aone lembo loyamba, aphatikize mpaka kumapeto. Zithunzi zikhalepo ndithu, koma zokambirana nkhani, asanawerenge kapena atawerenga.

4. Maphatikizo a malembo ambiri anadumphidwa. Mwana amayenda bwino mpaka atakumana ndi nkh, mph, ntch kapena ng'. Lembani mawu omwe akulakwitsa. Akakhala a mtundu umodzi, bukulo linawapatsa malo ochepa. Aphunzitseni paokha, ndi mawu awiriawiri osiyana pang'ono: kola ndi khola, ponya ndi phonya, ngoma ndi ng'oma. Mwana akaona kuti kalembo kamodzi kakusintha tanthauzo, amayamba kukasamala.

## Miyezi yapita, ana sanafikebe pa chiganizo

1. Liwiro ndi njira zinakoperedwa ku Chingerezi. Kafukufuku wochuluka wa kuwerenga anachitika pa ana ophunzira Chingerezi, chinenero chomwe chili ndi maliwu pafupifupi 44 pa malembo 26, ndipo lembo limodzi limatha kumveka mosiyanasiyana. Mu 2003 Philip Seymour, Mikko Aro ndi Jane Erskine anayerekeza ana a zinenero 13 za ku Ulaya. Pakutha pa chaka choyamba, ana a zinenero zolembedwa momwe zimamvekera, monga za ku Finland, Greece, Italy ndi Spain, ankawerenga molondola mawu oposa 90 pa 100 alionse, pomwe ana a Chingerezi ku Scotland sanafike ngakhale theka. Chichewa, monga zinenero zambiri za Chibantu, chimalembedwa pafupifupi momwe chimamvekera: malembo a liwu ndi 5, ndipo phatikizo nthawi zambiri limathera pa lembo la liwu. Choncho ngati buku lanu lili ndi mndandanda wa mawu oti ana aloweze maonekedwe ake, funsani kuti unachokera kuti. M'Chingerezi umathandiza chifukwa mawu ena satsata malamulo. M'chinenero chomwe mawu ake amaphatikizika, mukutayitsa ana nthawi. Phatikizo ndiye likhale njerwa yomangira.

2. Malembo akutsata a, b, c, d. Yesani kupanga mawu ndi malembo 6 oyamba a m'buku lanu. Ndi a, b, c, d, e, f simupita patali, ndipo c m'Chichewa amayenda ndi h. Koma ndi a, n, i, k, u, m mwana angawerenge ana, ina, kuika, kukana, mpaka chiganizo chathunthu: "Ana akukumana." Tengani nkhani zingapo za ana m'chinenerocho, muwerenge malembo omwe akubwera kawirikawiri, muyambe ndi amenewo.

3. Masewera a maliwu apakamwa atenga nthawi yaitali. Lipoti la 2000 lija linapeza kuti kuphunzitsa ana kumva maliwu kumapindula kwambiri kukamayenda ndi malembo, ndipo maphunziro omwe anatenga maola 5 mpaka 18 onse pamodzi ndiwo anaonetsa phindu lalikulu. Teremu yathunthu yowomba m'manja popanda kuona lembo ndi yochuluka.

## Amawerenga molondola, koma ukafunsa funso ali chete

Mu 1986 Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza kuti kumvetsa nkhani yolembedwa kumadalira zinthu ziwiri zochulukitsana: kutha kumasula mawu patsamba, ndi kumva chinenerocho. Chimodzi chikakhala ziro, zotsatira ndi ziro. Kuyesa kwake n'kosavuta. Muwerengereni mwanayo nkhani ina yofanana nayo, iye akungomvetsera, mumufunse mafunso.

1. Akayankha bwino atamvetsera, vuto ndi kuchedwa. Akumafika kumapeto kwa chiganizo ataiwala chiyambi. Onjezani kuwerenga kobwereza: ndime yomweyo katatu, mokweza, wina akumvetsera ndi kukonza.

Apa ndichenjeze za chiwerengero cha mawu pamphindi. Osatenga mlingo wa Chingerezi n'kuyezera ana a chinenero china. "Sindinamuone" ndi mawu amodzi, koma kuti munene zomwezo m'Chingerezi pamafunika asanu. Mwana wowerenga bwino angaoneke wolephera chifukwa cha muyeso wobwereka.

2. Akalepheranso atamvetsera, yang'anani ngati zipangizo zanu zili ndi nkhani zoti mphunzitsi aziwerengera ana. Timabuku ta malembo ochepa n'tofunika, koma simungaphunziremo mawu atsopano ambiri. Pamafunika nkhani zonona, zoposa zomwe mwana angawerenge yekha, ndi mawu awiri kapena atatu osankhiratu oti afotokozedwe ndi kugwiritsidwa ntchito sabata yonse.

3. Chinenero cha m'buku si cha kunyumba kwa mwanayo. Chezani naye pang'ono m'chinenero chake. Akamasuka n'kufotokoza bwino, nzeru zilipo. Buku lionjezere nthawi yolankhula ndi kumvetsera, ndipo lilole mphunzitsi kufotokoza m'chinenero chomwe ana akumva.

4. Mafunso onse ndi ongotola yankho pamzere. Onjezani a "chifukwa chiyani" ndi "wadziwa bwanji".

## Poyesa zinayenda, titafalitsa zazilala

1. Maphunziro atatha palibe anabweranso. Ku South Africa, kafukufuku wa Early Grade Reading Study yemwe anayamba mu 2015 m'chigawo cha North West anapatsa magulu awiri a aphunzitsi a chinenero cha Setswana mapulani ndi zipangizo zofanana. Gulu lina linkangopita ku maphunziro a pamalo amodzi, lina linkayenderedwa ndi mlangizi m'kalasi pafupifupi mwezi uliwonse. Patatha zaka ziwiri, phindu pa ana a gulu loyenderedwa linali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Funsani mphunzitsi kuti munthu womaliza kumuona akuphunzitsa anabwera liti. Pokonza buku, konzaninso pepala limodzi la mlangizi: zinthu 3 zoti aone, chimodzi choti akambirane.

2. Uthenga unasungunuka panjira. Inu munaphunzitsa ochepa, iwo n'kuphunzitsa ena, enawo n'kuphunzitsanso ena. Kakhaleni m'maphunziro a gulu lomalizalo. Ngati akungowerengerana zolemba, sinthani ndondomeko kuti nthawi yambiri aphunzitsi aziyeserera phunziro lenileni, buku lili m'manja.

3. Munayesera m'masukulu osankhika. Matthew Kraft ndi anzake atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 60 wa ulangizi wa aphunzitsi mu 2018, anapeza kuti phindu limachepa pulogalamu ikakula. Yesaninso kusukulu yakutali, ya ana ambiri, kwa mphunzitsi yemwe wangoyamba ntchito.

4. Mabuku anafika koma ali m'kabati, poopa kuti ang'ambika. Buku loyera bwino pakutha pa teremu likukuuzani kanthu. Akuluakulu anene momveka kuti buku lothaitha silidzakhala mlandu.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana katswiri

Pa zipangizo:

- Olemba mukasemphana pa kalembedwe ka mawu kapena kagawidwe ka maphatikizo, musavote. Funsani katswiri wa chinenerocho musanasindikize.
- Ngati zotsatira za mayeso zidzagwiritsidwa ntchito pobwereza ana kalasi kapena poweruza aphunzitsi, mayeso okonza nokha sakwanira. Pezani katswiri wa kayesedwe.
- Njira yomwe umboni wake wonse ukuchokera kwa omwe akuigulitsa, ipititseni kaye kwa wofufuza wosakhudzidwa ndi malondawo.

Pa mwana, zipangizo sizingathetse chilichonse. Ngati anzake ambiri akupita patsogolo ndi phunziro lomwelo, iye wakhala akubwera kusukulu, mwamuthandiza m'kagulu kakang'ono kwa teremu koma palibe kusintha, lekani kusintha makadi. Kutembenuza b ndi d kokha si chizindikiro. Ana ambiri amatero akamayamba. Izi ndizo zosafunika kudikira:

- Satembenuka mukamuitana chakumbuyo, amafunsa kuti "chiyani?" pafupipafupi, kapena khutu likutuluka mafinya: apite kuchipatala akamuyeze makutu.
- Amatsinzinira poona bolodi, amayandikitsa buku kumaso, amadandaula mutu akawerenga: akamuyeze maso.
- Amangoti zii kwa timasekondi, maso ali gwa, osayankha, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, kapena wayamba kuiwala zomwe ankadziwa bwino: aonane ndi dokotala msanga.
- Zolankhula zake sizimveka ngakhale kwa a kunyumba kwawo: katswiri wa kalankhulidwe.
- Amamva nkhani bwino, amalankhula bwino, koma maliwu ndi malembo sizikugwirana ngakhale mwabwereza kangati: mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera kapena katswiri woyeza kaphunziridwe. Dzina loti dyslexia, lomwe akatswiri amatchulira vuto lotere la kuwerenga, musamupatse nokha, ngakhale pokamba ndi makolo.
- Wasintha mwadzidzidzi, ali ndi mantha kapena mabala osadziwika bwino: dziwitsani mkulu wa sukulu tsiku lomwelo, atsate ndondomeko yoteteza ana.

Pomutumiza, kambani kaye ndi makolo kapena omulera, ndipo katswiriyo mumupatse zolemba: masiku omwe mwana wajomba, malembo omwe akuwadziwa ndi omwe sakuwadziwa, mawu omwe amalakwitsa momwe amawatchulira, chinenero cha kunyumba, ndi thandizo lomwe mwayesa kale pamodzi ndi masabata ake.